Tofe Wakodzanso pa Kapeti

Mukafika kunyumba kwa mayi Perpetua Sambani ku Crumlin, kuno kutsidya la nyanja, nsapato zimatsala pakhomo. Lamulo limeneli silisankha munthu. Anavulapo nsapato pamenepo wansembe, anavulapo mwini nyumba amene amawachititsa lendi, ndipo bambo wina wodzakonza mpope analowa ndi masokosi obooka, chala chachikulu chili panja, akupepesa njira yonse mpaka kukhitchini. Nyumbayo ndi yaing'ono: chipinda chogona chimodzi, pabalaza, khitchini yoti anthu awiri sangapatukirane, ndi kabwalo kakuseri kokhala ndi kapinga wokwana kuyalapo mphasa ziwiri. Koma pansi pake mutha kudyerapo.

A Perpetua ndi a ku Balaka. Kumudzi anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'wodi ya amayi pa chipatala china cha mishoni, kukolopa, kusintha zofunda, kusambitsa odwala amene analibe owadikirira. Amuna awo anamwalira ana awo awiri adakali ku pulayimale, ndipo anawo anawalera okha mpaka kukula. Zomwe zinawachotsa kumudzi mu 2017 sakonda kuzikamba, ndipo ife amene timapemphera nawo tinasiya kalekale kufunsa. Chomwe tikudziwa n'choti anakhala zaka zitatu m'malo osungira anthu opempha chitetezo, m'chipinda chimodzi ndi amayi ena awiri. Mapepala atatuluka anachita kosi yosamalira okalamba, n'kuyamba ntchito imene akugwira mpaka lero. Amayenda khomo ndi khomo m'misewu ya ku Crumlin konko, kudzutsa nkhalamba, kuzisambitsa, kuzipatsa mankhwala ndi tiyi, kenako n'kulemba zonse m'buku la chisamaliro.

Ndi munthu woseka. Kuseka kwawo kumayambira m'mapewa, mawu amabwera pambuyo, ndipo kukafika povuta amakhala pansi paliponse pamene ali. Za agalu anali ndi maganizo omwe ambirife tinabwera nawo: galu ndi wapanja, amadya zotsala, amauwa akuba, basi. Tsiku loyamba kuona mzimayi akukankha galu m'ngolo ya mwana ku Rathmines, anaseka mpaka kutsika basi siteji yawo isanakwane chifukwa anthu anayamba kuwayang'ana.

Khomo loyandikana ndi lawo ndi la mayi Vera, wamasiye wa zaka 84, wobadwira mumsewu womwewo. Awiriwa ankacheza pampanda wakuseri poyanika zovala. A Vera ankafuna kuti azingoitanidwa ndi dzina, koma dzina lokha la munthu wamkulu pakamwa pa a Perpetua silinkatuluka, choncho anagwirizana pa "Amayi Vera". A Vera anali ndi kagalu, dzina lake Tofe, kaubweya wofiirira ngati switi ya dzina lomwelo, kolemera ngati mapaketi atatu a shuga. Ubweya wake unkagwera m'maso, ndiye ankaumanga pamutu ndi kariboni.

Mu Okutobala chaka chathachi, a Vera anaterereka pa sitepe ya kukhitchini n'kuthyoka chiuno. Opaleshoni inayenda bwino, koma anauzidwa kuti akhala milungu isanu ndi itatu kumalo ophunziranso kuyenda. Mwana wawo Gerard amakhala ku Skerries, tauni ya m'mbali mwa nyanja, ndipo mkazi wake akayandikira galu maso amatupa. Loweruka m'mawa Gerard anagogoda kwa a Perpetua, kagalu kukhwapa, chikwama cha zakudya zake kudzanja.

"Mayi akukana kudya mpaka amve kuti Tofe ali ndi inu," anatero Gerard. "Ndinawauza za malo osungira agalu, anandidulira foni."

"Koma bambo, ine galu m'nyumba sindinasungepo."

"Sakuvutani. Zaka sikisi tsopano, sanakodzepo m'nyumba ngakhale kamodzi. Mukangotsegula chitseko chakuseri amatuluka yekha."

A Perpetua anayang'ana kagaluko. Kagaluko kanawayang'ananso, n'kuyetsemula. Gerard anali atavula kale nsapato. A Perpetua anaganiza kaye kuti nanga mlendo winayu avule chiyani, kenako anapita kukhitchini, nabwera ndi kansalu konyowa, n'kupukuta mapazi onse anayi limodzilimodzi.

"Milungu eyiti," anatero. "Tsiku limodzi lokha likapitirira, ndikum'kweza sitima ya ku Skerries yekha."

Masiku atatu oyamba Tofe anali mngelo. Chitseko chikatseguka ankatuluka, kuchita zake pakona pa kapinga, n'kubwerera kudzaima pakhomo kudikira kuti am'pukute mapazi. A Perpetua anam'jambula n'kutumiza pa gulu la amayi a kutchalitchi. Pansi pa kanemayo analemba kuti: "Onani ulemu. Ana ena a anthu sangafikepo apa."

Tsiku lachinayi anabwera kuchokera ku shifiti ya m'mawa cha m'ma leveni koloko, kuvula nsapato, kulowa pabalaza, ndipo sokosi yakumanja inamva kuzizira. Anayang'ana kudenga ngati kukudontha. Kunali gwa. Anagwira paipi ya hita. Youma. Anawerama, kukhudza kapeti ndi chala, kununkhiza.

"Tofe!"

Kariboni kanangooneka kamodzi, kakulowa kunsi kwa sofa.

Anati n'zongochitika. Lachitatu anapeza chithaphwi china kunsi kwa tebulo. Lachinayi ziwiri. A Perpetua anakalipa monga ankakalipira ana awo kale, chala m'mwamba, mawu akuluakulu, ndipo Tofe anamvadi, koma anamva zina. Anasiya kukodza poonekera n'kuyamba kufufuza malo obisika: kuseri kwa sofa, pakati pa bedi ndi khoma, m'mbali mwa dengu la zochapa. Anagula mankhwala okolopera amphamvu kwambiri m'sitolo, aja oti ukatsegula botolo misozi imatuluka, n'kukwecha mpaka mikono kuwawa. Kapeti akangouma, Tofe ankabwerera pamalo pomwepo, osaphonya ngakhale ndi chikhatho.

Lamulungu m'mawa anasita chitenje chawo cha Amayi Achikatolika, chimene anabwera nacho kuchokera ku Balaka, n'kuchiyala pampando kuti akasambe. Nsonga yake inkakhudza pansi. Atatuluka m'bafa anapeza nsongayo itasintha mtundu. Tsiku limenelo analowa m'tchalitchi mochedwa, atavala diresi wamba, ndipo amayi anzawo atafunsa za mwana waulemu uja, anayankha kuti, "Tiyeni tipemphere kaye."

Mnzawo wapamtima ndi Dainess, wa ku Lusaka, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Rathmines. Misa itatha anapita limodzi ku Crumlin kuti akadzionere yekha.

"Ba Perpetua, iyi nkhani ing'ono maningi," anatero Dainess, manja m'chiuno. "Ikani mpilipili pamene imbwa ikodzela. Siizabwelelapo."

"Tsabola? Pa kapeti yanga?"

"Pang'ono chabe."

Pang'ono pa Dainess linali theka la botolo. Tofe anaima patali, kununkhiza mphepo kamodzi, n'kutembenuka mwaulemu kukakodza pafupi ndi wailesi yakanema. Amene anakumana ndi tsabolayo ndi eni ake. Dainess anati am'chotse ndi makina opopera fumbi, koma thumba la makinawo linali lodzaza, ndiye tsabola yense anauluka m'mwamba. Anayetsemula mopikisana, misozi ili chuchuchu, mpaka anathawira panja opanda nsapato. A Perpetua anakhala pansi pa sitepe, mapewa akugwedezeka.

"Ndiwe wa mankhwala iwe?" anafunsa mawu atabwerera. "Anthu a ku Rathmines akadali moyo?"

Madzulo a tsikulo anaimbira mlongo wawo Fredson ku Balaka pa foni ya kanema kuti adandaule. Analakwitsa.

"Achemwali, ndimve bwino," anatero Fredson. "Munakwera ndege, kuwoloka nyanja, kuti mukakhale wantchito wa galu?"

"Achimwene, musandiyambe."

"Mangani panja ameneyo."

"Kuno kukuzizira. Kangafe."

"Tandionetseni."

A Perpetua analoza foni kwa Tofe, amene anali atakhala pa kapilo kake, kariboni kali pamutu. Foni inayamba kugwedezeka ndi kuseka, n'kumveka Fredson akuitana akazi awo ndi aneba kuti abwere adzaone khoswe wovala duku. A Perpetua anadula.

Kwa a Vera sananene kanthu. Akaimba foni kufunsa, yankho linali lakuti Tofe ali bwino, akudya, akupereka moni. Koma tsiku lina atawerenga zithaphwi zisanu ndi ziwiri kuyambira m'mawa, kuseka kunatha pang'ono. Pa ntchito yawo amadziwa kuti nkhalamba yaukhondo ikayamba mwadzidzidzi kunyowetsa zofunda, suikalipira, umayamba waganiza za matenda a m'chikhodzodzo. Anaimbira Gerard, ndipo Gerard anakonza zoti apite kwa dokotala wa ziweto. A kuchipatalako anapempha kuti abwere ndi mkodzo pang'ono woti akayeze.

"Zimenezo ndiye sizivuta," anatero a Perpetua. "Kuno tili nawo wambiri."

M'mawa wa tsikulo anatsuka chivindikiro cha botolo la jamu n'kuyamba kutsatira Tofe. Tofe anaona chivindikirocho, n'kuganiza zake. Galu amene ankakodza kasanu ndi kawiri pa tsiku anakhala maola anayi osatulutsa ngakhale dontho. Akayenda, a Perpetua ali pambuyo chowerama, chivindikiro patsogolo ngati wopempha. Akaima, nawonso aima. Anazungulira tebulo, kulowa kuchipinda, kutuluka panja, kubwerera. Kenako foni inalira, a Perpetua anatembenuka kuti aitenge, ndipo pamene ankacheuka ntchito inali ikutha. Anadziponya pansi ngati goloboyi, n'kupulumutsa madontho okwana supuni yaing'ono. Anawanyamula pa basi m'kabotolo, atagwira ndi manja awiri.

Dokotalayo anali mzimayi wodekha, wovala magalasi. Anayeza, napeza kuti Tofe alibe matenda alionse. Kenako anayamba kufunsa. Kodi a Vera ankakhala pakhomo tsiku lonse? Inde. Ndiye kuti chitseko chinkatsegulidwa pafupipafupi. Nanga a Perpetua amachoka maola angati? Asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Amakolopa ndi chiyani? A Perpetua anatchula mankhwala aja monyadira.

"Amenewo ali ndi amoniya," anatero dokotalayo. "Kwa inu ndi fungo laukhondo. Kwa iye ndi fungo la mkodzo. Mukamakolopa mumakhala ngati mukum'lembera chikwangwani kuti chimbudzi ndi pano."

"Mayo ine. Ndiye ndakhala ndikum'thandiza?"

"Mumam'kalipira?"

"Pang'ono."

"Mukam'kalipira saphunzira kuti m'nyumba n'moletsedwa. Amaphunzira kuti kukodza inu mukuona n'koopsa, ndiye amabisala. Kumbukirani kuti wataya munthu wake, nyumba yake ndi nthawi zake zonse pa tsiku limodzi."

Za tsabola a Perpetua anaulula okha, ndipo dokotalayo anavula magalasi n'kuwauza kuti asadzayerekezenso. Kenako anafotokoza zoyenera kuchita. Ayambirenso ngati ndi kamwana ka galu. Azim'tulutsa akangodzuka, akangodya, akangomaliza kusewera. Azituluka naye, osati kungom'tsegulira. Asankhe mawu amodzi oti azinena nthawi zonse. Akakodza panja, mphoto ibwere nthawi yomweyo. Akachoka pakhomo azim'tsekera kukhitchini kopanda kapeti. Ndipo anawapatsa dzina la mankhwala ena amene amadya fungo lonse mpaka galu osalimva.

A Perpetua anamenya tebulo. "Koma imeneyi ndi ndondomeko ya chisamaliro! Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku! Bwanji anthu osanena kale kuti ndalandira nkhalamba ina?"

Atafika kunyumba anatenga pepala lalikulu, kulemba mizere ndi rula, n'kulimata pa firiji: nthawi, wadya, wamwa, wakodza, wakodzera kuti. Anakonza maulendo awo kuti pakati pa nkhalamba yachiwiri ndi yachitatu azithamangira kunyumba, mtunda wa mphindi khumi. Mphoto anaipeza m'kabati: usipa wouma umene mayi wina wa kutchalitchi anawabweretsera kuchokera kumudzi. Tofe ataulawa, maso anatuluka m'ubweya. Mawu oti azinena anawaganizira tsiku lonse. Achingerezi ankawachititsa manyazi. Pomaliza anaona kuti munthu amene ukum'tsatira ndi chivindikiro, n'kumam'pukuta mapazi, udindo wake ndi wodziwika.

"Kodzani, bwana."

M'mawa woyamba anaima pa kapinga mphindi makumi awiri, jekete pamwamba pa chitenje, mpweya ukutuluka ngati utsi. Bwana ananunkhiza udzu uliwonse pawokha. Anayang'ana mbalame. Anakanda khutu. Anayang'ana a Perpetua ngati akufuna kutsimikiza kuti sakalipiridwa. Kenako anazungulira kawiri, n'kunyonyomala.

A Perpetua amati sanakonzekere. Inangotuluka yokha nthungululu, ija ya pa ukwati mkwatibwi akamatuluka m'tchalitchi. Nkhunda zinauluka pa madenga atatu. Zenera la nyumba yakuseri linatseguka, bambo wina n'kusuzumira, sopo wometera ali kumasaya, kufunsa ngati aitane ambulansi.

"Ayi bambo, zikomo! Wakodza!"

Bamboyo anayang'ana mzimayi akuvina pa kapinga, kagalu kakumuzungulira ngati kapenga, usipa uli kukamwa, ndipo anatseka zenera pang'onopang'ono.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda. Tsiku loyamba louma, lachiwiri, lachisanu. Gulu la amayi a kutchalitchi linayamba kuwerenga nawo, m'mawa uliwonse wina n'kufunsa kuti, "Lero bwana ali pa nambala chani?" Dainess anabwera ndi keke pa tsiku lakhumi. Bambo wa zenera uja, akamva nthungululu, anayamba kugogoda galasi kawiri kusonyeza kuti uthenga wafika.

Pa tsiku lakhumi ndi chiwiri mvula ya Novembala inayamba, ija yosagwa mwamphamvu koma yosadziwanso kusiya. A Perpetua anatsegula chitseko chakuseri. Tofe anafika pakhomo, kutukula phazi limodzi, kuyang'ana kapinga wonyowa, kuyang'ana a Perpetua.

"Kodzani, bwana."

Bwana anamvera. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kukodza pa kampasa kopondera, m'kati mwa nyumba, akuwayang'ana m'maso, kenako n'kukhala pansi kudikira usipa.

A Perpetua anakumbukira mawu a dokotala. Analuma mlomo, kulowa m'bafa, kutseka chitseko, kukwirira nkhope m'thaulo, n'kunena zonse zimene zinali mumtima, zina zoti anakaziulula kwa wansembe Loweruka lake. Anatuluka akumwetulira n'kutenga mankhwala odya fungo.

Mvula inapitirira, zithaphwi nazo zinabwerera. Akamunyamula n'kumuika pa kapinga, ankangoima njenjenje, miyendo itauma ngati ya tebulo, mpaka amubweze. Pepala la pa firiji linadzaza ndi mawu akuti "m'nyumba". Tsiku lachinayi la mvulayo a Perpetua anabwera atatopa, nkhalamba ina itawalavulira mankhwala, n'kupeza khitchini yonyowa. Anakhala pansi, kutsamira firiji, osaseka. Tofe anapita pa chitseko chagalasi n'kuima kuyang'ana mpanda, mbali ya nyumba ya a Vera. Ankatero tsiku lililonse, koma a Perpetua anali asanaganizepo kuti akuyang'ana chiyani. Iwonso anagonapo zaka zitatu pa bedi la eni, kudikira uthenga. Anamenya pantchafu pawo kawiri. Tofe anabwera n'kukwera, ndipo aka kanali koyamba kuti galu akhale pamiyendo pa a Perpetua Sambani.

Lamulungu anakwera basi kukaona a Vera, atatsimikiza mtima kuti akaulula zonse. Anawapeza atakhala pafupi ndi zenera, chogwirira poyenda chili pambali.

"Amayi Vera, ndakhala ndikukunamizani. Tofe akukodza m'nyumba. Gerard anati kwanu sanayambe wachitapo zimenezi, ndiye ndi ine ndamuwononga."

A Vera anawayang'ana, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira chiuno chopweteka chija, mpaka namwino kubwera kudzaona.

"Gerard anatero? Gerard amabwera kawiri pa mwezi, adziwa chiyani? Kapeti ya pabalaza ndinasintha kawiri chifukwa cha ameneyo! Ndinamuuza kuti ndatopa ndi mtundu wake."

"Amayi Vera!"

"Tofe sapondapo udzu wonyowa mvula ikum'gwera. Chibadwire. Tenga kiyi uyu. Kuseri kwa chitseko changa kuli ambulera yaikulu yobiriwira, ndi kajekete kachikasu. Um'veke kajeketeko, um'gwirire ambulera, udikire."

"Ndim'gwirire ambulera."

"Iyeyo, osati iwe. Nonse awiri simukwanamo."

M'mawa mwake mvula ili waa, mayi amene anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa chipatala cha mishoni, mayi wolera yekha ana awiri, anaima chowerama pa kapinga, dzanja litatambasuka, ambulera ili pamwamba pa kagalu kovala chikasu, madzi akuwalowa m'khosi n'kutsikira kumsana. Dainess, amene anabwera dala pa basi yoyamba kuti asamve kwa ena, anaima pakhomo foni m'manja, akulephera kuigwira bwino.

"Ba Perpetua, sekelelani pang'ono, ni ya ku Balaka iyi!"

"Ukatumiza chithunzi chimenecho, usadzapondenso pano. Kodzani, bwana. Chonde, bwana."

Bwana anayang'ana m'mwamba, kuona kuti denga lake lilipo, nazungulira kawiri, nachita zake. Nthungululu ya tsiku limenelo inali ya anthu awiri. Chithunzi chinafika ku Balaka tiyi asanawire, ndipo Fredson anayankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri wopanda liwu lililonse lomveka, kupatula kumapeto pamene anati, "Achemwali, mufunseni bwanayo ngati akufuna wantchito wachiwiri."

Zolakwika zinachitikabe apa ndi apo: tsiku lina basi itachedwa, tsiku lina kutaphulika makombola a masewera mumsewu. A Perpetua ankangopukuta, kulemba pa pepala, n'kuyambiranso kuwerenga. Anasiya kuona chithaphwi chimodzi ngati kugwa kwa boma.

A Vera anabwerera kunyumba kutatsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ifike, patatha milungu isanu ndi inayi, ndipo za sitima ya ku Skerries palibe anazikumbutsa. Tofe atawaona analira, kudumpha, kugwa chagada, kudzukanso, n'kukodzera masilipasi awo chifukwa cha chimwemwe. Amayi awiriwo anagwirizana kuti imeneyo siilembedwa.

M'mawa mwake a Perpetua akupanga tiyi anamva kuitana pampanda. A Vera anali pa kabwalo kawo ndi ndodo, Tofe ataima pakati pa kapinga ngati chipilala.

"Theka la ola tili pano," anatero a Vera. "Ndam'uza mawu onse amene ndinkam'uza kale. Akungondiyang'ana."

A Perpetua anasuzumira pampanda. "Kodzani, bwana."

Tofe ananyonyomala pomwepo.

"Wam'phunzitsa chinenero galu wanga?"

Choncho a Vera, pa zaka 84, anayamba kuphunzira Chichewa, ndipo mawu awo oyamba ndi amenewo. Amawatchula kuti "kozani bana", koma Tofe amawamvera chisoni n'kuvomera. Anthu a kwathu akamapita kumudzi kutchuthi, tsopano amalandira oda ya usipa kuchokera makomo awiri. Tofe amagona kwa a Vera, koma masana a Vera akapita kokalimbitsa mwendo amakhala kwa a Perpetua, kumene kuli kapilo kake mpaka lero.

Mu Meyi a Vera anakwanitsa zaka 85, ndipo Gerard anawaitana onse ku Skerries kuti akadye nsomba ndi tchipisi kudoko, panja, kumene mkazi wake angakhale kumbali yochokera mphepo. Galu sakanakwera galimoto ya Gerard chifukwa cha ubweya, choncho anasankha takisi mpaka ku siteshoni, kenako sitima. A Perpetua anakonzekera ulendowu ngati mayeso. Tofe anamwa madzi nthawi ya hafu eyiti, anatuluka panja naini koloko, anatulukanso takisi itaima pakhomo. M'chikwama munali matawulo awiri, mapepala opukutira, kajekete kachikasu, ndi fulasiki yaikulu ya tiyi ya anthu.

Sitima itangonyamuka, Tofe anadzipinda pamiyendo pa a Perpetua n'kugona. A Vera anatsegula fulasiki. Kapu yoyamba inali yokondwerera tsiku lobadwa. Yachiwiri inali yokondwerera chiuno chatsopano. Yachitatu a Vera anaikana, ndiye a Perpetua anaimwa kuti isazizire, kuwonjezera pa makapu awiri amene anamwa kunyumba. Nyanja itayamba kuoneka pazenera, a Perpetua anasiya kulankhula.

"Wadwala?" anafunsa a Vera.

"Ayi, Amayi Vera. Ndakonzera bwana zonse, ndadziiwala ndekha."

"Chimbudzi chili kumapeto uko. Ndipatse galuyo."

"Akadzuka afuna kutuluka nthawi yomweyo. Lamulo lake ndi limenelo. Sindisuntha."

Anakhala choncho, miyendo itapingasa, maso ali kudenga, milomo ikuyenda ngati akupemphera korona. A Vera anayesa kuwathandiza powauza kuti asayang'ane madzi, zimene zinangowonjezera vuto. Ku Skerries Gerard anawachingamira ndi maluwa, akufunsa za ulendo, ndipo a Perpetua anam'yankha ndi mutu wokha. Panja pa siteshoni anapeza kapinga n'kutsitsa Tofe. Tofe anali asanamvepo fungo la kunyanja. Ananunkhiza mphepo, ananunkhiza mtengo wa magetsi, anayang'ana mbalame zoyera zikulira m'mwamba.

"Kodzani, bwana," anatero a Perpetua ndi mawu opyapyala, akupondaponda. "Bwana, mawu amenewa akundipweteka ine. Fulumirani."

Tofe anakhala pansi n'kuyamba kukanda khutu.

A Perpetua anaponya chingwe m'manja mwa Gerard pamodzi ndi chikwama, n'kuliyatsa liwiro kutsika ndi msewu, duku likuuluzika ndi mphepo, kulunjika nyumba ya tiyi yoyamba imene anaiona. Gerard anatsala ndi maluwa, galu ndi chikwama, akufunsa mayi ake kuti chachitika n'chiyani, koma a Vera anali atakumbatira mtengo wa magetsi, ndodo itagwa pansi, akuseka mpaka misozi kutsika.

Anakumananso kudoko patapita mphindi khumi ndi zisanu, a Perpetua akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wochira, atagula sikono m'nyumba ya tiyi ija chifukwa cha manyazi. Anadya nsomba atakhala pa khoma la doko, mphepo ikulanda mapepala, mkazi wa Gerard akuwaimikira dzanja kuchokera pa benchi yachitatu. Anaimba nyimbo ya tsiku lobadwa kawiri chifukwa makandulo ankazima okha. Pobwerera a Vera ndi Tofe anagona sitima isanafike pa siteshoni yachiwiri, wina akuliza mkonono waukulu, wina waung'ono. M'fulasiki munali mutatsala tiyi wokwana kapu imodzi, ndipo tiyiyo anafika ku Crumlin osakhudzidwa.